CHANDAMALE: MBIRI YA ASILIKALI NDI IFE ANTHU WAMBA MU MZINDA WA LILONGWE

 

Monga mwa nthawi zonse, komiti ya mzikiti yapatula masamba angapo m'kabuku kano kuti tikumbutsane mbiri ya mzinda umene tikukhalamowu. Ulendo uno tasankha nkhani ya asilikali: kumene adachokera, mmene amaphunzirira kuwombera, ndiponso mmene akhala akukumanirana ndi ife anthu wamba kuyambira ku Old Town, kudzera ku City Centre, mpaka kumayadi. Mwina wina afunsa kuti, kodi nkhani ya mfuti ikulowa bwanji pa tsiku lachisangalalo ngati lino? Yankho lake n'lakuti mtendere umene watilola kuvala zatsopano ndi kuyendera abale lerowu umadalira kwambiri khalidwe la anthu amene dziko lidawapatsa mfuti. Komanso anyamata athu ambiri amasirira yunifolomu, ena mpaka amati akufuna kudzakhala akatswiri owombera patali ngati aja amawaona m'mafilimu. N'kwabwino tsono kuti adziwe chimene mbiri ya Lilongwe ikuonetsa: kulasa chandamale ndi theka chabe la usilikali. Theka linalo, lomwe ndi lovuta zedi, ndi kudziwa mwini wake wa mfutiyo ndi kudziwa nthawi yosawombera.

KUMENE ZIDAYAMBIRA

Liwu lakuti chandamale timalimva paliponse, pa mpira, pa malonda ngakhale pa ndale, koma ndi ochepa amene amafunsa kwawo kwa liwuli. M'Chiurdu ndi m'Chihindi muli liwu lakuti chandmari, limene limatanthauza kuphunzira kuwombera pa malo okonzedwera ntchitoyo. Kufanana kumeneku kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1891, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la Angerezi m'dziko muno, adaitanitsa asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire. Ambiri a iwo adali a mtundu wa Sikh, ena adali Asilamu ochokera ku Hyderabad. Amwenye amenewa ndiwo adali aphunzitsi oyamba a asilikali akuda a dziko lino.

Nkhondo zawo zoyamba adamenya ndi mafumu a Chiyao a kum'mwera kwa nyanja, monga Mponda, Makanjira, Kawinga ndi Jalasi. Angerezi ankati akuthetsa malonda a akapolo, ndipo malondawo adalipodi, koma ankafunanso kuti mafumu agonjere ulamuliro wawo ndi kulipira msonkho. Maguire adaphedwa kwa Makanjira mu Disembala 1891, komabe pofika 1895 mafumuwo adali atagonja. Mwase wa ku Kasungu adagonja kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo Gomani wa Angoni adaphedwa mu 1896.

Chodabwitsa n'chakuti anyamata a m'midzi yogonjayo ndiwo adadzadza gulu lankhondo la atsamunda. Poyamba adalembedwa Atonga, kenaka Ayao ambirimbiri, ndipo mwa iwo mudali Asilamu ochuluka. Mu 1902 magulu a asilikali a kuno ndi a ku East Africa adaphatikizidwa n'kukhala King's African Rifles, imene agogo athu ankangoitchula kuti Keyala. Mabataliyoni awiri oyamba a Keyala adali a kuno ku Nyasaland, ndipo likulu lawo lidali ku Zomba. Adakamenya nkhondo kwa Ashanti ku Ghana mu 1900, ndi ku Somaliland kumene pa Gumburu, mu Epulo 1903, ambiri adathera pomwepo zipolopolo zitawathera. Kuno kumudzi namonso msilikali ankaoneka pa nthawi yokakamiza msonkho. Choncho munthu wamba adayamba kumudziwa msilikali ngati dzanja la Mzungu, munthu womuthawa ukamuona.

MAPHUNZIRO A KUWOMBERA

Kodi mnyamata wochokera ku khasu ankasanduka bwanji katswiri wa mfuti? Keyala inkatsata dongosolo la Angerezi. Mfuti imene idatchuka kwambiri pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu idali Lee-Enfield .303, yolowa zipolopolo 10. Msilikali watsopano ankayamba ndi perete masabata ambiri asadawombereko n'kamodzi komwe. Ankaphunzira kuinyamula mfuti, kuimasula, kuitsuka, kuibwezera, ndi kuima kapena kutembenuka pongomva liwu limodzi la sajeni. Anthu ongoonerera amayesa perete ndi chionetsero, koma cholinga chake n'chakuti thupi lizolowere kumvera lamulo ngakhale mtima uli thithithi ndi mantha kapena ukali.

Akafika pa chandamale, ankaphunzitsidwa kugona pansi mokhazikika, kuigwira mfuti molimba koma mosanjenjemera, kuyang'anitsa diso, kuugwira mpweya ndi kukoka chala pang'onopang'ono. Chaka ndi chaka aliyense ankayesedwa n'kuikidwa m'magulu malinga ndi mmene walasira, ndipo opambana ankasokeredwa pamkono chizindikiro cha mfuti ziwiri zopingasana. M'gulu lankhondo la Angerezi, muyezo wa msilikali wophunzira bwino udali kulasa maulendo 15 pa mphindi imodzi.

Akatswiri owombera patali, aja achinyamata amawatchula kuti ma sniper, maphunziro awo adakhazikika pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1916 Major Hesketh-Prichard adatsegula sukulu yotere ku France, ndipo dzina lake lenilenilo lidaphatikiza zinthu zitatu: kuwombera, kuzonda ndi kufufuza. Mpaka lero, m'magulu ankhondo otsata mwambo umenewu, akatswiriwa amasankhidwa pakati pa asilikali odziwa kale ntchito ndipo ambiri amalephera mayeso ake. Amayenda awiriawiri, wina wowombera, mnzake woyang'ana ndi makina oonera patali amene amayeza mtunda ndi mphepo. Nthawi yambiri ya maphunziro imathera pa kuwerenga mapu, kubisala, kukwawa osagwedeza udzu, kugona malo amodzi maola ambiri osasuntha, ndi kukumbukira zonse zimene diso laona kuti akafotokoze kwa akuluakulu. Kawirikawiri amabwerako osawombera n'chipolopolo chimodzi chomwe, koma ntchito atagwira. Munthu wapsetemtima ndi wokonda kudzionetsera safunika kumeneko. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ana a ku madrasa akudziwa kale nkhani yofanana ndi imeneyi. Pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625, Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, adaika akatswiri 50 a uta ndi mivi pa kaphiri, motsogozedwa ndi Abdullah ibn Jubayr, ndi lamulo lakuti asachokepo zivute zitani. Ataona adani akuthawa, ambiri adatsika kukatola chuma, ndipo okwera pa akavalo a Khalid ibn al-Walid adazungulira kumbuyo. Maswahaba pafupifupi 70 adaphedwa tsiku limenelo. Luso lolasa lidalipo ndithu, chidasowa ndi kukhala pamalo pamene adauzidwa.

NKHONDO ZA AZUNGU, MITOLO YA AKUDA

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo adaitcha Nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha kulira kwa mfuti zamakina, dziko lino lidapereka asilikali pafupifupi 19,000. Koma anthu wamba amene adagwidwa kukanyamula katundu, aja ankatchedwa amtengatenga, adali pafupifupi 200,000. Ankayenda wapansi ndi mitolo pamutu kulowera ku Karonga mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ndipo ambiri adafa ndi njala ndi matenda osaona n'komwe mdani. Nthawi imeneyo Lilongwe idali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, kokhala ndi masitolo ochepa a Amwenye, koma midzi yozungulira siidapulumuke kugwidwako. John Chilembwe adadandaula poyera za Aafrika ofera nkhondo yosawakhudza, asadaukire boma mu Januwale 1915.

Pa nkhondo yachiwiri, anyamata oposa 25,000 a dziko lino adavala yunifolomu. Adamenya pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu 1940, ndipo kumeneko n'kumene kudachokera dzina la balakisi ya ku Mzuzu. Adafikanso ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Pobwerako adabwera ndi mamendulo, jombo ndi nkhani zosatha. Magule a beni ndi malipenga, okhala ndi maudindo, mizere ndi malikhweru, amatsanzira perete ya asilikali. Apa tikuona kuti munthu wamba ankamuopa msilikali, komanso mumtima ankamusirira.

Mantha aja adali ndi chifukwa chake. Pa 3 Malichi 1959, boma litalengeza lamulo la chipwirikiti, asilikali adawombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay n'kupha osachepera 20, ndipo Komiti ya Devlin idapeza kuti m'dziko lonse mudafa anthu 51. Ngakhale titalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, pamene bataliyoni yoyamba ya Keyala idasanduka Malawi Rifles, zowawa sizidathe. Henry Masauko Chipembere ataukira boma mu Febuluwale 1965 kuchokera ku Fort Johnston, yomwe lero ndi Mangochi, asilikali, apolisi ndi Apayoniya adasakasaka anthu ake m'midzi, nyumba zidatenthedwa ndipo anthu ambiri adamangidwa popanda mlandu. Mabanja ambiri a muno mu Old Town kwawo ndi komweko, ndipo nkhanizi adazimva kuchokera kwa eni ake.

MZINDA UMODZI, MAGULU AWIRI A MFUTI

Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Mzinda watsopano udamangidwa motalikirana. Kum'mwera kudatsala Old Town ndi msika wake, depoti ya mabasi, msewu wa Malangalanga, Bwalo la Njobvu ndi mizikiti. Kumpoto kudamangidwa City Centre ndi Capital Hill, ndipo mozungulira mwake mudabwera mayadi a Area 10, 11, 12 ndi 43, kumene kudakhala nduna, akazembe ndi akuluakulu a boma, kuwonjezera pa mayadi akale a Area 3 ndi Area 9. Asilikali adapatsidwa Kamuzu Barracks chakum'mawa kwa mzinda, ndipo sukulu yawo idatsegulidwa ku Salima, imene lero imatchedwa Malawi Armed Forces College. General Graciano Matewere adakhala Mmalawi woyamba kutsogolera gulu lankhondo mu 1972, ndipo General Melvin Khanga adamulowa m'malo mu 1980.

M'zaka zimenezo munthu wamba wa mu Lilongwe sankakumana kwambiri ndi msilikali. Ankamuona pa perete ya 6 Julaye, kapena m'malole podutsa, basi. Kuyambira 1987 ambiri adatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala m'kati mwa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena sadabwerere amoyo, koma nkhani zake sizinkalengezedwa poyera.

Amene tinkakumana nawo tsiku ndi tsiku adali ena: a Malawi Young Pioneers ndi anyamata a Youth League ovala malaya ofiira, amene anthu ankawanong'oneza kuti chiswe. Gulu la Apayoniya lidakhazikitsidwa mu 1963 ndi thandizo la alangizi a ku Israel, ndipo lidali ndi misasa m'maboma onse, monga wa Nasawa ku Zomba. Tisabise, zabwino adachitako. Adaphunzitsa achinyamata ulimi, ukalipentala ndi masewero olimbitsa thupi, ndipo ambiri adalowamo pongofuna ntchito. Vuto lidali lakuti gululi lidali la chipani, lomvera munthu mmodzi. Lidapatsidwa mfuti, magalimoto ndi azondi akeake, ndipo lamulo la mu 1965 lidaletsa apolisi kumanga Mpayoniya popanda chilolezo cha akuluakulu ake. Pa chipata cha msika ndi pa depoti, mayi wopanda khadi la chipani ankabwezedwa ndi dengu lake. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadi, adamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuthamangitsidwa m'dziko mu 1967, 1972 ndi 1975. Asilikali eni akenso ankadandaula kuti Apayoniya akukonderedwa pa zida ndi pa ndalama. Atambala awiri adali m'khola limodzi.

LACHISANU LA PA 3 DISEMBALA 1993

Mphepo idayamba kusintha ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Chakufwa Chihana adamangidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu pa 6 Epulo, ndipo mu Meyi anthu ambiri adaphedwa pa zipolowe za ku Blantyre ndi Limbe. Pa zonsezi asilikali adakana kusanduka chikwapu cha chipani. Bungwe la Public Affairs Committee, momwe mudalinso Muslim Association of Malawi, lidayamba kukambirana ndi boma, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ndale za zipani zambiri. Zipani zidagwirizana kuti Apayoniya alandidwe zida, koma ntchitoyo inkangozengerezedwa. Mu Okutobala Dr. Kamuzu Banda adapita ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo dziko lidatsala m'manja mwa khonsolo ya anthu atatu: Gwanda Chakuamba, John Tembo ndi Robson Chirwa.

Pa 1 Disembala, mkangano umene udayambira kumalo omwera mowa ku Mzuzu udathera pakuti Apayoniya adawombera ndi kupha asilikali a ku Moyale Barracks. Patangopita masiku awiri, m'mawa wa Lachisanu pa 3 Disembala, asilikali a ku Kamuzu Barracks adatuluka. Amene adatsogolera adali maofesala aang'onoang'ono ndi asilikali wamba, osadikira lamulo la akuluakulu awo. Adalunjika ku Youth House, likulu la Apayoniya, ku Kamuzu Institute for Youth ku Area 17, ndi ku likulu la Malawi Congress Party ku City Centre. Ntchitoyi idatchedwa Operation Bwezani, kutanthauza kuti bwezani zida.

Ambiri a ife amene tikuphunzitsa ana lero tidali makanda, ena tidali tisadabadwe, koma akuluakulu athu amalikumbukira tsikuli bwino lomwe, makamaka poti lidali la Jumu'ah. Kulira kwa mfuti kudamveka mpaka ku Old Town, masitolo adatsekedwa, ogwira ntchito ku Capital Hill ndi ku City Centre adabwerera kwawo wapansi, ndipo makolo adathamangira kusukulu kukatenga ana. Kumayadi, kumene mipanda italiitali idazolowera bata, anthu adagona pansi m'nyumba zawo. Apayoniya ambiri adavula mayunifolomu n'kusakanikirana ndi anthu m'makomboni, ndipo asilikali adayamba kusecha nyumba ndi nyumba. M'misewu ina makamu adaima m'mbali n'kumaombera m'manja malole a asilikali. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya mzinda uno, munthu wamba adathamangira kumene kuli msilikali m'malo momuthawa.

M'masiku ochepa misasa ya Apayoniya m'dziko lonse idagwa. Anthu oposa 20 adafa, ena a iwo anthu wamba opezeka pakati pa moto, ndipo ovulala adadzadza chipatala cha Kamuzu Central. Apayoniya pafupifupi 2,000 adathawira ku Mozambique. Pa 7 Disembala Dr. Banda adatenganso udindo wake, ndipo posakhalitsa General Isaac Yohane adapumitsidwa, General Dismus Maulana n'kulowa m'malo.

Pali zinthu ziwiri zoti tiziyang'anitsitse pa tsiku limeneli. Choyamba: Lachisanu lija mzinda wonse udali m'manja mwa asilikali. Pulezidenti adali wodwala, boma lidali lofooka, ndipo anthu adali kumbali yawo. M'maiko ambiri a mu Africa, monga Nigeria, Ghana ndi Uganda, asilikali atafika pamenepa adalowa pa wailesi n'kulengeza kuti atenga boma. Athuwa adatolera zida n'kubwerera ku balakisi, ndipo chisankho chidachitika pa 17 Meyi 1994 monga mmene chidakonzedwera, Bakili Muluzi n'kupambana. Ngakhale adatuluka popanda lamulo, chimene sitingachiyamikire mwachimbulimbuli, iwo adadziwa polekezera.

Chachiwiri chikukhudza ifeyo. Asilikali atangodutsa, anthu wamba adalowa m'maofesi ndi m'nyumba za Apayoniya n'kuzula zitseko, malata, mipando ndi matilesi. Ena adaloza nyumba za anzawo chifukwa cha chidani chakale, ndipo akazi ndi ana a Apayoniya, amene sadalakwire munthu, adagona panja. Amene dzulo lake ankadandaula za nkhanza, tsiku limeneli adazichita okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiponso si zida zonse zimene zidabwezedwa. Zina zidasowa, n'kuphatikizana ndi mfuti za AK-47 zimene zinkalowa kuchokera ku Mozambique nkhondo ya kumeneko itatha mu 1992. Umbava wa mfuti udakula, mipanda ya kumayadi idakwera, masitolo a mu Old Town adaikidwa zitsulo, ndipo mu Epulo 1995 ngakhale mkulu wa asilikali, General Manken Chigawa, adaphedwa ndi achifwamba pa msewu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Malamulo aakulu a dziko amene adalembedwa mu 1994 adanenetsa kuti m'Malawi musadzakhalenso gulu lina lankhondo kupatula limene malamulowo akhazikitsa.

M'ZAKA ZA MATIPATE

Kuyambira pamenepo takumana nawo asilikali m'misewu ya Lilongwe kangapo konse. Pa zionetsero za pa 20 ndi 21 Julaye 2011, anthu 20 adafa m'dziko muno, ambiri ndi zipolopolo za apolisi, ndipo masitolo adathyoledwa muno mu Old Town ndi m'makomboni. Asilikali atatulutsidwa, bata lidabwerera.

Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adamwalira, koma imfa yake idabisidwa pamene nduna zina zinkafuna kumulambalala wachiwiri wake. General Henry Odillo adaima pa malamulo, asilikali adatumizidwa kukalondera nyumba ya Mayi Joyce Banda, ndipo pa 7 Epulo mayiwo adalumbiritsidwa ku Nyumba ya Malamulo. Palibe mfuti idalira.

Chitatha chisankho cha pa 21 Meyi 2019, zionetsero zidatenga miyezi yambiri. Makamu ankanyamuka pa Community Ground, kudutsa ku Mchesi kulowera ku City Centre ndi Capital Hill, asilikali a General Vincent Nundwe akuyenda m'mbali mwawo, mfuti zitaloza pansi. Ndiwonso ankaperekeza oweruza asanu a khothi limene pa 3 Febuluwale 2020 lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti. General Nundwe adachotsedwa mu Malichi 2020, n'kubwezeretsedwa mu Seputembala chaka chomwecho.

Komatu tisawapake mafuta okhaokha. Asilikali atatumizidwa kukateteza nkhalango ya Dzalanyama mu 2015, kumene kumachokera madzi amene timamwa mu mzinda muno, padamveka madandaulo a anthu owotcha makala amene adamenyedwa m'malo moperekedwa ku khothi. Ndipo pa 26 Juni 2025, pa Community Ground pomwepa, anthu ovala zobisa nkhope adatema ochita zionetsero ndi zikwanje, apolisi ndi asilikali ali chiimire. Kusawombera ndi nzeru pamene kukuteteza munthu wamba. Kukakhala kungoonerera wina akukhapidwa, kumeneko n'kusiya kaphiri kaja ka ku Uhud. Mbiri yabwino ya 1993, 2012 ndi 2019 iyenera kusungidwa ndi m'badwo uliwonse wa asilikali, apo ayi ikhoza kutayika.

MSILIKALI WENIWENI

Tikafuna chitsanzo choti tiwauze anyamata athu, chilipo. Asilikali a Malawi akhala akugwira ntchito yosungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Mu Novembala 2018, pafupi ndi tauni ya Beni, adakumana ndi zigawenga za ADF, ndipo Amalawi 6 ndi Mtanzania mmodzi adaphedwa. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, adaona msilikali wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, atavulala poyera zipolopolo zikuvumba. Adapita kukamukoka, ndipo adawomberedwa akumupatsa chithandizo. Omary adachira. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations lidapereka kwa banja la Chitete mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Menduloyo ili ndi dzina la Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal, amene adapulumutsa anthu mazanamazana ku Kigali mu 1994 alibe mfuti m'manja, mpaka adaferapo. Onse awiriwa dziko lapansi likuwakumbukira chifukwa cha miyoyo imene adapulumutsa.

Tsono abale ndi alongo, titengepo chiyani? Kwa mnyamata kapena mtsikana wofuna usilikali, paja akazi nawonso adayamba kulembedwa mu 1999, njira yake ndi sukulu, thupi lathanzi ndi mtima wodekha, ndipo khomo lake ndi limodzi, la boma. Wina aliyense wokupatsani chikwanje, mfuti kapena ndalama kuti mukhale msilikali wa chipani kapena wa munthu, akukubwezerani kumene dziko lidachoka mu 1993. Kwa ife tonse, msilikali tizimupatsa ulemu wake: tikaimitsidwa tiime, tisavale zovala zofanana ndi zawo monga akhala akuchenjezera, ndipo mfuti zikalira tisathamangire kukaonerera kapena kukatola za eni. Koma ulemu si mantha. Mfuti ili m'manja mwakeyo idagulidwa ndi msonkho wa mayi wogulitsa tomato mu msika wa Lilongwe, ndipo akailozetsa kolakwika tili ndi ufulu wodandaula mwa njira zake.

Masiku a Eid ano, mukamapita kukaona abale ku Area 18 kapena ku Area 25, patukirani ndi ana pa chipilala chokumbukira asilikali chimene chili pafupi ndi Capital Hill. Auzeni za Keyala, za Moyale ndi za Burma. Auzeninso za amtengatenga amene adafa ndi mitolo pamutu, ndi za anthu wamba amene adagwa Lachisanu lija akungobwerera kunyumba. Allah atisungire mzinda wathu mu mtendere, ndipo awapatse nzeru ndi chilungamo onse amene anyamula zida m'dzina lathu. Ameen.